Kukonzekera LSAT: kuwerenga nokha, kulipira pa intaneti, kalasi kapena mphunzitsi wapadera?

Munthu amene akufuna kukaphunzira zamalamulo ku America kapena ku Canada amakumana ndi chipata chimodzi asanafike n'komwe pakhomo la sukulu, ndipo chipatacho ndi mayeso otchedwa LSAT. Akangoyamba kufufuza za mayesowa pa intaneti, otsatsa malonda amamuunjikira. Wina akuti gulani mabuku athu, wina akuti lowani kalasi yathu, wina akulonjeza mphunzitsi amene iyeyo anakhoza bwino koposa. Onsewa akufuna ndalama, ndipo ndalama zake si zamasewera. Ine maganizo anga ndi akuti ndalama muzilipira pamene mwadziwa vuto lanu lenileni, osati pamene mantha akugwirani. Koma kuti njirazi tiziyerekeze bwino, tiyambe taona chimene mayesowa amafuna kwa munthu.

LSAT imakonzedwa ndi bungwe la LSAC, lomwe likulu lake lili ku Newtown m'chigawo cha Pennsylvania, ndipo inayamba kulembedwa mu 1948. Ambiri oilemba amakhala kuti digiri yoyamba ali nayo kale kapena atsala pang'ono kuimaliza, ndipo akufuna malo pa digiri ya zamalamulo yotchedwa JD, yomwe imatenga zaka zitatu. Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti m'mayesomo mulibe funso la zamalamulo ngakhale limodzi. Sakufunsani za malamulo oyendetsera dziko la America kapena za mlandu uliwonse wotchuka. Amayesa ngati mungathe kuwerenga mfundo ya munthu wina, kuona pamene yaima ndi pamene yatsimphina, ndi kuchita zimenezo mwachangu m'Chingerezi chovuta.

Kuyambira mu Ogasiti 2024, mayesowa ali ndi zigawo zinayi za mphindi 35 chilichonse, zolembedwa pa kompyuta, ndipo pakati pa chachiwiri ndi chachitatu pali kupuma kwa mphindi 10. Zigawo ziwiri zowerengeredwa ndi za Logical Reasoning, pamene mumapatsidwa kandime kakafupi ka mtsutso ndi funso limodzi pa kandimeko. Chimodzi ndi cha Reading Comprehension, pamene pali nkhani zinayi zazitali ndi mafunso ake. Chotsalacho sichiwerengeredwa, bungwe limangoyesera nacho mafunso atsopano, koma simuuzidwa kuti ndi chiti, choncho zonse mumazigwira ndi mtima umodzi. Funso lililonse lili ndi mayankho asanu oti musankhepo limodzi, ndipo yankho lolakwika silikuchotserani kanthu. Malikisi amayambira pa 120 kufika pa 180. Munthu wapakatikati amagwera cha m'ma 150, pamene masukulu ngati Yale ndi Harvard amadzaza ndi anthu a m'ma 170. Palinso nkhani yolemba payokha, ya mphindi 50, yomwe siipatsidwa malikisi koma imatumizidwa ku masukulu amene mwapemphako malo.

Chaka cha 2024 chimenechi muchigwiritsitse, chifukwa chikhoza kukupulumutsani ku buku lachabe. Kale kunali chigawo chotchedwa Logic Games, cha mafunso ofuna kujambula timizere ndi timabokosi. Chinachotsedwa potsatira mgwirizano wa mu 2019 pakati pa LSAC ndi anthu osaona amene anasumira bungweli, ponena kuti chigawocho chinkawapondereza popeza sakanatha kujambula. Mabuku ambiri akale amene munthu angakupatseni mwaulere ali ndi masamba ambirimbiri a chigawo chimenechi. Adumpheni masambawo, zina zonsezo zikadali zothandiza.

Choyamba kuchita, musanagule kanthu

Khalani pansi tsiku limodzi, tsekani foni, lembani mayeso athunthu akale mosunga nthawi, musanawerengeko chilichonse. LSAC ili ndi tsamba lake lotchedwa LawHub pomwe mayeso angapo enieni amapezeka mwaulere, m'maonekedwe omwewo amene mudzawaone tsiku la mayeso. Malikisi amene mupeze mwina akukhumudwitsani, ndipo palibe cholakwika. Ntchito yake ndi kukuuzani pamene mukuyambira. Kenako pitani pa masamba a masukulu amene mukuwafuna. Sukulu iliyonse yovomerezedwa ndi bungwe la maloya la American Bar Association imasindikiza chaka ndi chaka lipoti lotchedwa 509, loonetsa malikisi a LSAT a ophunzira amene inawalandira. Mpata umene uli pakati pa malikisi anu ndi awo ndi umene ukuuzeni kuti mukufunika miyezi ingati ndi thandizo lotani. Wosowa mapointi asanu ndi wosowa makumi awiri sali pa ulendo umodzi.

Kuwerenga nokha

Njira iyi ndiyo yotchipa, ndipo ndinene poyera kuti ndiyo imene ndimaikhulupirira kwambiri ngati poyambira. Zida zake ndi zochepa. Pa LawHub pali maphunziro aulere, ena mwa iwo ochokera ku Khan Academy, sukulu ya pa intaneti yomwe inayamba kuphunzitsa LSAT mwaulere mogwirizana ndi LSAC mu 2018 ndipo mu 2024 zinthu zake zinasamutsidwira kumeneko. Mukalipira LawHub Advantage, pafupifupi madola 120 pa chaka, mumatsegulidwira mayeso enieni akale opitirira 50. Onjezanipo buku limodzi labwino lofotokoza mitundu ya mafunso, losindikizidwa 2024 itadutsa ngati n'kotheka, basi mwakwana.

Mphamvu ya njirayi ili poti mumagwira mafunso enieni kuyambira tsiku loyamba. Izi n'zofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Mafunso a LSAC amalembedwa mosamala, amayesedwa pa anthu ambiri asanawerengeredwe, ndipo ali ndi kalembedwe kawo komwe khutu limazolowera. Mafunso ongopeka a makampani ena amafanana nawo pamwamba pokha. Mukazolowera opekawo, mumaphunzira kupewa misampha imene mayeso enieni satchera.

Tiyeni tione pafupi ntchito yake. Tinene kuti kandime kakuti: m'dera lina la mzinda anaika magetsi a mumsewu, ndipo chaka chotsatira milandu yakuba yolembedwa ku polisi kuchokera m'deralo inachepa, choncho magetsi amachepetsa umbava. Funso likuti, ndi yankho liti limene likufooketsa mfundoyi? Wongoyamba kumene amathamangira mayankho asanu aja n'kuyamba kuwalawa limodzi limodzi. Wozolowera amaima kaye. Amapatula chimene wolemba akufuna kuti tivomere, chakuti magetsi ndiwo achititsa, ndi umboni umene wapereka, wakuti chinthu china chinatsatira chinzake. Kenako amadzifunsa kuti pakati pa ziwirizi pasiyidwa chiyani. Mwina chaka chomwecho apolisi anachuluka m'deralo. Mwina umbava unachepa mumzinda wonse, ngakhale komwe kulibe magetsi. Mwina anthu anangosiya kukadandaula ku polisi, pakuti umboniwo ukunena za milandu yolembedwa, osati yochitika. Akamafika pa mayankho amakhala akudziwa kale chimene akusaka. Pakati pa mayankhowo padzakhala lina lonena kuti magetsiwo anadya ndalama zambiri, lomveka ngati lotsutsa, koma losakhudza n'komwe funso lakuti kaya magetsi ndiwo anachepetsa umbava. Pa yankho lotere ndi pamene anthu ambiri amagwera.

Mu chigawo chimodzi muli mafunso otere pafupifupi 25, kutanthauza kuti lililonse muli nalo ndi mphindi imodzi ndi masekondi 24. Luso limeneli silibwera poonerera wina akuchita. Limabwera pochita, polakwa, ndi pobwerera pa cholakwacho.

Kubwererako ndiye mtima wa ntchito yonse, ndipo apa ndi pamene owerenga okha ambiri amataya njira. Amalemba mayeso, amaona malikisi, amakondwa kapena kukhumudwa, mawa n'kulemba ena. Atatha mayeso makumi awiri malikisi ali pomwepo, ndipo mayeso atsopano oyeserera awathera. Njira yabwino, imene kampani ya 7Sage inaitchukitsa ndi dzina loti blind review, ndi iyi. Polemba mayeso ikani chizindikiro pa funso lililonse limene simunatsimikize. Nthawi ikatha musaone mayankho. Bwererani pa mafunso aja popanda wotchi, ndipo pa lililonse lembani chifukwa chimene yankho limodzi lili lolondola ndi chimene ena anayiwo ali olakwa. Mukatero onani mayankho. Funso limene munalakwa ndi wotchi koma mwakhoza popanda wotchi likukuuzani kuti vuto ndi liwiro. Limene mwalakwa kawiri konse likukuuzani kuti pali china simunachimvetse. Limene munalakwa osaliikira chizindikiro n'komwe ndiye loopsa kwambiri, chifukwa munagwa muli otsimikiza. Khalani ndi kabuku kolembamo zolakwa zimenezi. Kuunika mayeso amodzi motere kungatenge nthawi yaitali kuposa kuwalemba, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Kufooka kwa kuwerenga nokha kuli pawiri. Palibe wokukakamizani, ndiye sabata yotanganidwa imasanduka mwezi wosatsegula buku. Komanso mutu umene wasokonezekawo ndi womwewo umene mukuutuma kukapeza chosokonekeracho. Pali zolakwa zina zimene munthu amazibwereza miyezi yambiri osaziona, chifukwa kwa iye zimamveka zolondola.

Mapulogalamu olipira mwezi ndi mwezi

Apa pali makampani ngati 7Sage, LSAT Demon ndi Blueprint. Mumalipira pa mwezi, kuyambira madola makumi angapo mpaka mazana angapo malinga ndi zimene mwasankha, ndipo nthawi zambiri amafuna kuti mukhalenso ndi LawHub Advantage popeza mafunso amene amagwiritsa ntchito ndi a LSAC. Chimene mumagula makamaka ndi mafotokozedwe. Funso lililonse lakale lili ndi vidiyo kapena ndime yofotokoza chifukwa chake yankho ili lili lolondola ndi ena ayi. Pulogalamu imasunganso mbiri ya zolakwa zanu n'kukuonetsani kuti, mwachitsanzo, mumagwa kawirikawiri pa mafunso ofuna kupeza chimene wolemba wangochitenga ngati choona osachitchula. Ikatero imakusonkhanitsirani mafunso a mtundu womwewo.

Kwa anthu ambiri ndikuona kuti apa ndi pamene ndalama imagula zambiri. Vuto lachiwiri la wowerenga yekha lija, losowa womufotokozera, limachepa kwambiri, ndipo ngati kaphunzitsidwe ka kampani ina sikakukomerani mumangosiya mwezi ukatha. Ambiri amalola kuyesa mwaulere, choncho yesani awiri musanasankhe, chifukwa amasiyana ndithu. Ena amakonda kujambula mfundo ndi zizindikiro ndi mivi, ena amati werengani mwachidwi mumve chimene chikunenedwa, zojambulazo zisiyeni. Sankhani amene akakufotokozerani funso limene munalakwa, mumamva kuti tsopano mwaliona.

Msampha wake ndi mavidiyo. Kuonerera katswiri akumasula funso kumakoma, ndipo munthu amadzuka pampando akumva ngati wagwira ntchito. Koma kuonerera wina akusambira sikuphunzitsa kusambira. Ngati maola anu ambiri akuthera pa mavidiyo m'malo mwa mafunso, pulogalamuyo ikukudyerani nthawi pamodzi ndi ndalama. Vidiyo muziitsegula mutalimbana kaye ndi funso mpaka kutopa.

Kalasi

Makampani akuluakulu ngati Kaplan ndi Princeton Review ali ndi makosi a masabata angapo, ena pa intaneti, ena m'chipinda, ndipo mtengo wake kawirikawiri umadutsa madola 1,000. Chimene kalasi imapereka chomwe njira ziwiri zija sizipereka ndi ndandanda yokumangani. Lachiwiri madzulo muyenera kupezeka, ntchito yakunyumba iyenera kuchitika, ndipo pali anzanu amene aone mukajomba. Kwa munthu amene amadzidziwa kuti popanda womuyang'anira sawerenga, chimenechi si chaching'ono, ndipo asachite nacho manyazi.

Komabe njira iyi ndi imene ndimaikayikira kwambiri. Kalasi imayenda pa liwiro limodzi, la munthu wapakati. Woyambira pa 140 amasiyidwa m'mbuyo sabata yachitatu, wofuna 170 amakhala akumvetsera zimene akuzidziwa kale. Ndiponso kosi ikatha ntchito siinathe, chifukwa luso lowerenga mtsutso silikhwima m'masabata owerengeka, ndipo ambiri amapezeka akuwerenganso okha miyezi ina. Mukaona lonjezo lakuti malikisi anu akapanda kukwera adzakubwezerani ndalama, werengani timalemba tating'ono ta pansi, muone zimene akufuna kuti mukwaniritse ndi chimene akubwezacho, ndalama kapena mwayi wobwereza kosi yomweyo.

Mphunzitsi wapadera

Uyu amalipidwa pa ola, kawirikawiri kuyambira madola 100 kupita m'mwamba, ndipo otchuka amadula kuposa apo kutali. Kumutenga pa tsiku loyamba ndi kuwononga, chifukwa mudzalipira mtengo wa katswiri kuti akuuzeni zimene zili m'mutu woyamba wa buku lililonse. Nthawi yake ndi pamene mwawerenga miyezi iwiri kapena itatu, malikisi aima malo amodzi, ndipo kabuku ka zolakwa kaja kadzaza koma simukuona chozigwirizanitsa. Mphunzitsi wabwino amakupemphani kuti muganize mokweza iye akumvetsera, ndipo m'mphindi zochepa amagwira pamene maganizo anu amapatukira. Mwina mumasokoneza chofunikira ndi chokwanira. Chiganizo chikati aliyense wolowa mu laibulale ayenera kukhala ndi chiphaso, inu mumamva ngati aliyense wokhala ndi chiphaso walowa. Kusokoneza kumodzi kotereku kumatha kukudyerani mafunso angapo m'mayeso aliwonse, ndipo maola ochepa ndi munthu wodziwa amakuchotsa.

Posankha, musangoyang'ana malikisi amene iye anapeza. Wokhoza mosavutika nthawi zina sadziwa n'komwe kuti anzake amavutikira pati. Pemphani ola loyesera, ndipo muone kuti akulankhula kwambiri ndi ndani. Ngati ola lonse akungomasula mafunso inu mukugwedeza mutu, mwagula vidiyo yodula.

Gulu la anzanu awiri kapena atatu okonzekera mayeso omwewo limagwira pang'ono ntchito ya mphunzitsi popanda kulipira, bola muzikumana kuti mufotokozerane mafunso amene aliyense walemba kale payekha.

Ngati Chingerezi si chilankhulo chanu choyamba

Mfundo iyi imasintha kuyerekeza konse, ndipo makampani ambiri saiganizira, popeza makosi awo anapangidwira anthu amene anakulira m'Chingerezi. Mu Reading Comprehension muli nkhani zinayi m'mphindi 35, mphindi zosakwana zisanu ndi zinayi pa nkhani iliyonse pamodzi ndi mafunso ake. Nkhanizo zimachokera ku zamalamulo, sayansi, zaluso ndi zachikhalidwe cha anthu, ndipo ziganizo zake ndi zazitali, zopiringizika. Ngati mayeso oyamba aja aonetsa kuti simumaliza nkhani yachitatu, vuto lanu si njira zoyankhira, ndi liwiro lowerengera, ndipo palibe kosi ya masabata ochepa imene ingalichize. Mankhwala ake ndi nthawi yaitali ndi kuwerenga zolemba zovuta tsiku ndi tsiku, kuima pa ndime iliyonse n'kunena m'mawu anu chimene wolemba akufuna ndi mbali imene waima. Samalaninso timawu ting'onoting'ono ngati some, most, unless ndi only if. M'mayesowa timawuti tili ndi matanthauzo okhwima. Most ndi kupitirira theka, pamene some ikhoza kukhala mmodzi yekha, ndipo yankho lonse limagwa kapena kuima pa kusiyana kumeneko. Kwa munthu wotere ndingasankhe miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo ya kuwerenga yekha ndi pulogalamu yotchipa, m'malo mwa kalasi yodula yothamanga.

Kodi LSAT n'kuizemba?

Khomo lina lilipo. University of Arizona inayamba kulandira mayeso a GRE, olowera maphunziro osiyanasiyana a pamwamba pa digiri yoyamba, m'malo mwa LSAT mu 2016, Harvard inatsatira mu 2017, ndipo mu 2021 American Bar Association inalola masukulu kutero. Kwa amene ali kale ndi malikisi abwino a GRE, kapena akupemphanso malo m'maphunziro ena, izi zingathandize. Koma GRE ili ndi masamu, si masukulu onse amene amailandira, ndipo mukalembako LSAT masukulu amaona malikisiwo ngakhale mutatumiza GRE. Amene ali kale ndi digiri ya zamalamulo ya dziko lina ndipo akufuna digiri ya masitazi ya zamalamulo yotchedwa LLM, LSAT nthawi zambiri siimukhudza. Ku Britain ndiye nkhani ndi ina, mayunivesite ngati Oxford ndi University College London amafuna mayeso awoawo otchedwa LNAT.

Za ndalama ndi nthawi

Powerengera ndalama musaiwale mayeso enieniwo. M'chaka cha 2024 mpaka 2025 kulemba kamodzi kunali madola 238, ndipo pamwamba pake pali ndalama za CAS, ntchito ya LSAC yosonkhanitsa zikalata zanu ndi kuzitumiza ku masukulu. LSAC imakhululukira ndalamazi kwa osauka okhala ku America ndi Canada amene akwaniritsa zofunikira, ndipo okhululukidwawo amapatsidwanso LawHub Advantage. Ngati muli m'gulu limeneli pemphani musanalipire kalikonse, pakuti makampani ena amatsitsanso mitengo yawo kwa amene ali ndi chikhululukirochi.

Mbali inayo, n'zoona kuti mapointi ochepa akhoza kusanduka ndalama zambiri. Masukulu a ku America amapereka sikolashipu poyang'ana kwambiri LSAT ndi magiredi a digiri yoyamba, chifukwa manambala amenewa amakweza dzina la sukulu pa mndandanda woyerekeza masukulu. Fizi ya chaka chimodzi imafika madola zikwi makumi angapo, choncho madola mazana angapo operekedwa kwa mphunzitsi pa nthawi yoyenera akhoza kubwerera kangapo. Otsatsa amaigwiritsa ntchito mfundo yomweyi pokuopsezani kuti mugule chodula kwambiri lero lomwe. Mfundoyo ndi yoona, koma sikunena kuti chodula ndicho chokweza malikisi.

Musalembetse tsiku la mayeso chifukwa choti kalendala yakupanikizani. Lembetsani pamene mayeso anu oyeserera angapo otsatizana, olembedwa mosunga nthawi ndi zigawo zonse zinayi, akugwera pa malikisi amene mukufuna kapena pamwamba pang'ono. Kubwereza n'kololedwa, kasanu m'zaka zisanu zimene malikisi amakhala ogwira ntchito ndi kasanu n'kawiri pa moyo wonse, ndipo masukulu ambiri amalemekeza malikisi apamwamba, ngakhale amaona onse. Masukulu ambiri amatsegula zolandira makalata mu Seputembala ndipo amapereka malo ndi sikolashipu pamene makalatawo akubwera, choncho wolemba mayeso pakati pa chaka amakhala ndi mpata wobwereza mu Okutobala kapena Novembala asanachedwe.